A Nanyoni, Mlongo Wawo ndi Pepala la Pakhoma

Sabata yatha tinakwera ku Nsambe kukamanga chiliza cha a Nanyoni, ndipo chibwerereni kumeneko mtima wanga sukukhala pansi. Ndikakhala pa makina anga osokera ndimapezeka ndaimirira, ndikaimirira ndimapezeka ndikusuzumira khonde la sitolo yoyandikana ndi yanga. Dzulo ndinalumikiza mkono wa diresi la mwini wake mozondoka. Chaka chatha chimwalirireni mayi ameneyu, koma ndimawasowabe, ndiponso ndikadali nawo mkwiyo. Ndaganiza kuti mwina ndikalemba, chimodzi mwa ziwirizi chindisiya.

Mkwiyo wanga ndi wa nkhani imodzi. A Nanyoni anali ndi mlongo mmodzi yekha, a Tadeyo, amene anakulira m'manja mwawo makolo atamwalira. Zaka zawo zomaliza anazikhala osalankhulana ndi mlongo wawoyo, ndipo chimene chinawalekanitsa sichinali munda kapena ng'ombe, koma pepala lokhomedwa pakhoma. Kuti mumvetse za pepalalo, muyambe mwamudziwa mwini khoma.

Anali mayi wamfupi, wochepa thupi, wa magalasi okhuthala. Anagwira ntchito yotayipa m'maofesi a boma ku Blantyre kwa zaka zambiri, ndipo atapuma anadzatsegula kasitolo ka makope, mapensulo ndi sopo pano pa Neno. Ine ndimasoka pakhonde loyandikana nako. Pakati pathu panali mzati umodzi wokha, ndiye zawo zambiri ndinkazimva ndisanafune n'komwe.

Mayi ameneyu sankadziwa kukhala pansi. Ankadya ataimirira, tiyi ankamwa akuyenda, ndipo akamalankhula nawe mapazi amakhala ataloza kale kumene akupita. M'tchalitchi mokha ndi mmene ankagonja n'kukhala pabenchi, koma zala zinkapitiriza ntchito. Zinkatayipa ulaliki wonse pamaondo, ndipo mlaliki akabwereza mfundo imene wanena kale, chala chimodzi chinkagogoda pamalo amodzi mokwiya. Tinkawaseka kuti pa tsiku la chiweruzo adzapempha kuti ayambe iwo kuweruzidwa chifukwa asiya madzi pamoto. Sankatsutsa.

Pepala lathu la Tionetsane linabadwa m'chipwirikiti cha matipate. Referendamu itatha, pakamwa pa anthu panatseguka ngati khola la mbuzi m'mawa. Manyuzipepala ankafika ndi matola kuchokera ku Blantyre atagona panjira, ena ongotuluka kamodzi n'kufa, onse odzaza ndi mayina a anthu ndi zonyoza. Nthawi yomweyo anzathu a ku Mozambique amene anathawa nkhondo ankabwerera kwawo, ndipo bungwe lina limene linkawathandiza linatisiyira ife amalonda a pamsika makina akale osindikizira. Anali makina opukusa. Umatayipa pa pepala lopyapyala lotchedwa sitensulo, n'kulikulunga pa mgolo wa makinawo, n'kuthira inki, kenako n'kumapukusa ndi dzanja mapepala akutuluka.

Abambo a pamsika anasangalala. Anati tsopano tiyambitse nyuzipepala yathuyathu, tiulule akuba onse kuyambira ku Ligowe mpaka ku Lisungwi. Vuto linali lakuti pa Neno ponse munthu wodziwa kutayipa sitensulo osaing'amba anali mmodzi. A Nanyoni anawamvetsera uku akusesa pakhonde, kenako anawauza kuti iwo anatayipa mayina a anthu okwanira m'zaka za chipani chimodzi, ena mwa eni mayinawo sanawaonenso, ndipo zala zawo zinalapa. Ngati akufuna kuti atayipe, atayipa zokhazo zimene munthu angazigwire ndi manja n'kupindula nazo. Abambo aja anang'ung'udza, anaopseza kuti akatenga wina ku Mwanza, koma mapeto ake anasankha komiti n'kumasonkha mapepala ndi inki.

Choncho mu Tionetsane munkatuluka za kukonza mjigo ukasiya kutulutsa madzi, kumezanitsa manachesi, kusunga mbatatesi kuti isamere msanga, kuumba mbaula yosatha nkhuni. Olemba tinali tomwe, aliyense ndi kaluso kake. Mapepala ambiri ankapita ndi madalaivala kukasiyidwa m'matchalitchi ndi m'zipatala za kumidzi, koma limodzi pa nkhani iliyonse linkakhomedwa pakhoma la sitolo ya a Nanyoni, pansi pa denga la khonde. Likakhomedwa silinkachokanso, ndipo tsiku la msika anthu ankaima pamenepo n'kumakopera.

Malamulo a wofuna kulembamo sanalembedwe paliponse. Ankakhala pakamwa pa a Nanyoni, ndipo ankakulandira nawo usanakwere n'komwe sitepe. Ulembe chimene wachita ndi manja ako, osati chimene unamva pa wailesi. Unene pamene unalephera poyamba, chifukwa wowerenga akalepheranso pomwepo. Miyeso ikhale ya zinthu zopezeka m'nyumba iliyonse, chikhatho, mkono, botolo, osati mamilimita oti kumudzi kulibe choyezera chake. Utchulenso amene anakuphunzitsa, ngakhale akhale mdani wako kapena mkazi amene unamusiya. Za mankhwala a anthu ankakaniratu. Ankati khasu likalakwika umasula lina, koma munthu alibe wina.

Adani anawapeza ambiri chifukwa cha malamulo amenewa. Bambo wina amene ankafuna kuimira pa chisankho anabwera ndi nkhani yabwino ndithu ya kukumba chitsime chosagumuka, koma kumapeto anaikako kuti madzi enieni adzabwera anthu akavota mwanzeru. A Nanyoni anadula kumapetoko ndi sizasi yanga, n'kumubwezera kachidutswako kuti akakanene pa msonkhano. Kenako anamufunsa kuti chitsime chimene anakumba yekha chili kuti, akachione. Sanabwerenso. Mkulu wa mpingo wathu womwe analemba za kuweta njuchi, koma anayambira kwa Samisoni ndi mkango, ndipo pofika pa mng'oma pepala linali litatha. Anamuuza kuti njuchi sizidikira ulaliki. Mkuluyo anakhala nyengo yonse ya mvula akuwadumpha popereka moni pakhomo la tchalitchi.

Koma lamulo limene tonse tinkaliopa linali la mayeso. Nkhani isanasindikizidwe, a Nanyoni ankaipereka kwa munthu wina, wosakhala mbale wako, kuti achite zimene walembazo potsata pepala lokha. Iwe mlembi unkakhala pa mpando pafupi, manja pamiyendo, pakamwa potseka. Woyesayo akasochera, sunkaloledwa ngakhale kutsokomola. Ukangoti “ayi, pamenepo mupinde chonchi,” a Nanyoni ankakudula: mawu amenewo bwanji sali papepala? Kodi udzapita nalo pepalali khomo ndi khomo kuti uzikatsokomola?

Inenso ndinaukhalapo mpando umenewo. Ndinalemba za kupanga lamba wa makina osokera ndi chikopa cha mbuzi, ndipo ndinkadziona ngati ndalemba zomveka ngakhale kwa mwana. Anapatsa mayi wina wa ku Ligowe. Mayiyo anayala chikopa changa chabwinobwino n'kuyamba kuchidula modutsa, tizidutswa tifupitifupi, chifukwa sindinalembe kuti umadula mozungulira kuyambira m'mphepete. Ndinaluma nsonga ya chitenje mpaka inanyowa. A Nanyoni anali akuzungulira mzati, akusangalala poyera. Chikopa chinapita, koma pepala lachiwiri linatuluka labwino, ndipo mpaka pano atelala a kutali amandipatsa moni chifukwa cha ilo.

Nkhani ikapambana mayeso, pankatsala mwambo womaliza. Ankamuimiritsa mlembi pakhonde pamaso pa aliyense amene analipo, n'kumufunsa monga amafunsira abusa paukwati: kodi ukupereka? Ankamufotokozera kuti pepala likangokhomedwa, luso limenelo si lakenso. Aliyense angathe kukopera, kusintha, kupanga n'kumagulitsa, osapempha kwa munthu. Wotengayo amangoyenera kutchula kumene anatenga, ndipo akapeza njira yoposa, aibweze pakhoma pomwepo kuti enanso atenge. Ena ankafika pamenepa n'kupinda pepala lawo kubwerera nalo, ndipo sankawanyoza. Ankati kupatsa n'kuika, koma woikayo adziwiretu kuti akuika pamsika.

Kumene kunachokera kuuma mtima kumeneku anandiuza kamodzi kokha, akupukusa makina. Bambo awo anali wosula wodziwika ku Nsambe, ndipo nkhwangwa zawo sizinkabuntha msanga ngati za ena. Koma ikafika nthawi yoviika chitsulo chamoto, ankathamangitsa aliyense pa chipala, ngakhale ana awo omwe. Ankati adzamuonetsa Tadeyo akadzakula. Anagwa m'munda tsiku lina Tadeyo asanayambe n'komwe sukulu, ndipo luso lonse linalowa nawo m'manda. A Nanyoni ankati ufiti umene iwo anauona ndi maso ndi umenewo basi, kufa ndi chinthu chimene chikanadyetsa ana ako.

A Tadeyo anakula osiyana ndi mlongo wawo pa chilichonse. Ndi munthu wamtali, wochedwa kuyankha, woti ukamufunsa funso amayamba wayang'ana kumapiri. Amalima tirigu ndi mbatatesi kumtunda kuja, koma manja a bambo awo anawatengera. Amene anapunthapo tirigu ndi ndodo akudziwa mmene msana umawawira ndi mmene fumbi lake limayabwira. A Tadeyo anakhala nyengo zingapo akulimbana ndi maganizo opanga makina opunthira. Anaphwasula njinga yawo yokhayo, akazi awo n'kumapita kuchigayo wapansi akuwadandaula. Anthu ankawaseka kuti akupanga ndege. Pamapeto pake zinatheka: munthu mmodzi amapalasa ngati ali panjinga, tcheni n'kumazunguza mgolo wokhomedwa misomali, wina n'kumalowetsa mitolo ya tirigu.

A Nanyoni atawaona makinawo anabwera akuuluka. Sindinawaonepo akunyadira chinthu ngati mmene ananyadira mlongo wawo tsiku limenelo. Ndipo ndinene poyera, chifukwa ndinamva ndekha kuseri kwa mzati: anali iwo amene anaumiriza kuti nkhaniyi ilembedwe. A Tadeyo ankazengereza. Mlongo wawo anawakumbutsa za bambo awo, anawakumbutsanso, mpaka anavomera.

Woyesa anamusankhanso okha. Pa makina aakulu chonchi pankafunika munthu wa zitsulo, ndipo anaitana a Layisoni, wowotcherera wa ku Lisungwi, bambo wansangala, wolankhula kwambiri. Ntchitoyo inatenga masiku a msika angapo kuseri kwa sitolo. A Tadeyo anakhala pa mpando uja thukuta lili kamukamu, akuonerera mlendo akupanga makina awo molakwika. Pamene a Layisoni akakamira, a Nanyoni ankabweza pepala kuti akalembenso. Mwanjira imeneyi zonse zinafinyidwa, ngakhale kapendekedwe ka misomali kamene kamachititsa kuti njere zisasweke, kamene a Tadeyo anali atakasiya dala osalemba. Makina atazungulira bwino, a Nanyoni anawaimiritsa a Tadeyo pakhonde n'kuwafunsa funso lija. Anayang'ana kumapiri nthawi yaitali, kenako anati, “Ndapereka.” Tinaomba m'manja ndi kululuta.

A Layisoni sanaphwanye lamulo ngakhale limodzi, ndipo n'chimene chimandisowetsa pogwira. Atabwerera kwawo anaonjezera chopemerera mphepo cha malata, kuti makinawo azipuntha n'kumauluzanso mankhusu nthawi imodzi. Anabwera nalo pepala la kusinthako, analikhalira pa mpando, ndipo pamwamba penipeni analemba kuti makinawa anayambitsa ndi a Tadeyo a ku Nsambe. Linakhomedwa pambali pa loyamba lija. Koma iwo ali pamsewu waukulu, ali ndi magetsi owotcherera, ndipo ankapanga makina ambiri pamene a Tadeyo akukhoma amodzi. Pa aliwonse ankalembapo ndi penti dzina la shopu yawo. Pasanapite nthawi alimi anayamba kunena kuti ndikukabwereka layisoni, layisoni wathu waduka tcheni. Dzina linamera lokha ngati chisoso.

Tsiku limene zinaphulika linali la msika, m'chilimwe, anthu atangomaliza kukolola tirigu. A Tadeyo anatsika pa matola fumbi lili mbuu, ndipo sanapereke moni kwa aliyense. Tinamva pambuyo pake kuti dzulo lake mayi wina wa m'mudzi mwawo momwe, amene anawaona ndi maso akuphwasula njinga, anabwera pakhomo pawo kudzawafunsa ngati amatha kukonza layisoni.

“Achemwali,” anatero a Tadeyo ataima pa sitepe, “chotsani mapepala awiriwa. Ndipo m'pepala lotsatira mulembe kuti munthu uja ndi wakuba.”

A Nanyoni anali ndi inki m'manja. “Waba chiyani, achimwene? Munapereka pamaso pa anthu. Ena mwa iwo ndi awa ali apawa.”

“Ndinapereka luso. Dzina sindinapereke.”

Aka kanali koyamba kuona zala za a Nanyoni zitaima. Kenako analoza pakhoma. “Dzina lanu si ili pamwambapa? Onani, analemba yekha.”

“Ndani amapuntha tirigu ndi pepala? Kumudzi kwanga komwe, achemwali! Pakhomo panga! Munamuitana ndinu munthu ameneyu, munandikhazika pampando ngati wamlandu, n'kumupatsa zonse ine ndikuonerera. Eti ndi bodza?”

“Si bodza.”

“Ndiye chotsani.”

“Tadeyo,” anatero motsitsa mawu, monga ankawaitanira ali mwana, “ndikachotsa, ndiye kuti ndanena kuti Layisoni anaba. Ndanenanso kuti aliyense amene anakhoma makina potsata pepalali ndi wakuba. Anthu amenewa anakhulupirira mawu amene ndimanena pakhonde pano. Sindingathe.”

“Simungathe, kapena simukufuna?”

“Sindingathe basi.”

A Tadeyo anavala chipewa. “Chabwino. Khomali ndiye mlongo wanu. Likaimire ana anu pa maukwati, lidzalozenso pokumba manda anu. Ine phazi langa pakhonde pano ayi.”

Wosadziwa za kwathu angaganize kuti awa anali mawu a mkwiyo chabe. Koma a Tadeyo ndiwo anali mwinimbumba, malume yekhayo wa ana a Nanyoni. Ukwati, mlandu, maliro, zonse za banja limenelo zinkadikira pakamwa pawo. Chaka chotsatira Esinala, mwana wamkazi wa a Nanyoni, anapeza banja, ndipo pa chinkhoswe chake panaima malume wobwereka, msuweni wakutali amene ankaiwala ndi dzina lomwe la mkwatibwi. Akuchimuna ankanong'onezana. A Nanyoni anatha tsiku lonselo akuzungulira kukhitchini, kusuntha miphika imene sinkafunika kusuntha.

Komiti yathu inakumana kuti iweruze nkhani ya mapepala aja. Masiku amenewo chilichonse tinkavota, ngakhale tsiku losesa pamsika. Anakambirana mpaka dzuwa linapendeka, wina akuti chibale n'fupa sichiola, wina akuti madzi akatayika saoleka, ndipo pomaliza anavota kuti asavote, nkhaniyo aisiye m'manja mwa a Nanyoni. Amuna akuluakulu a ndevu zawo! Anamusiya mayi mmodzi asenze yekha.

Ine ndinakangana nawo kangapo. Ndinkawauza kuti pepalalo lachita kale chikasu, aliyense wofuna makina ali nawo m'mutu, kulichotsa sikuchotsera munthu kanthu. Lichotseni mwakachetechete, za wakubazo muzisiye, mlongo wanu apeze pobwererapo. Ankandiyankha kuti ngati silichotsera munthu kanthu, bwanji likufunika kuchoka? Likufunika kuchoka kuti linene chinthu, ndipo chinthucho n'chabodza. Ndinawatcha wamakani, ndinawatcha mwana wa bambo awo. Limenelo linawapweteka, ndipo anakhala osandibwereka sizasi kwa kanthawi.

Koma musaganize kuti anangokhala. Anayamba nkhondo yawoyawo, yolimbana ndi lilime la anthu. Munthu akangoti layisoni pafupi ndi sitolo, ankatuluka ngati waponda moto: “Si layisoni ameneyo, ndi tadeyo! Anapanga ndi mlongo wanga, ku Nsambe, ndi njinga yake!” Anamulanda bambo wina sopo amene anali atamupatsa kale mpaka atatchula bwino. Ankaimitsa madalaivala, ankakonza ana a sukulu, anakonzapo ngakhale mlangizi wa zaulimi pakati pa msonkhano. Anakwera matola mpaka ku Lisungwi, ndipo a Layisoni, amene nkhaniyi inkawadetsa nkhawa moona, anavomera kumalemba dzina la a Tadeyo pa makina aliwonse atsopano. Sizinathandize. Anthu ankawerenga tadeyo ndi maso, pakamwa n'kutuluka layisoni. Mawu a nkhondo imeneyi ankafika kumtunda, koma a Tadeyo akatsika kudzagula mchere ankadzera kuseri kwa msika.

A Nanyoni anadwala nthawi ya mvula. Miyendo inayamba kutupa, mpweya unkawathera, ndipo munthu amene sankadziwa mpando anagonekedwa pa bedi kuchipatala cha pano pa boma. Ngakhale pamenepo sankakhazikika. Ankafuna kudzuka, ankafunsa ngati inki yafika, ankakoka bulangete n'kulikankhanso. Galimoto ikangolira panja ankadula nkhani n'kutchera khutu. Sankatchula dzina, ankangofunsa ngati msewu wa kumtunda ukuyendeka.

Esinala anatumiza uthenga kwa malume ake. Yankho linabwera ndi dalaivala, lalifupi: kodi pepala lachoka? Ndipo achotse mwini wake ndi pakamwa pake, osati ana kuchotsa mobisa. Ndinalipo pamene Esinala anagwada pambali pa bedi.

“Amayi, ingonenani mawu amodzi. Ndithamanga pompano, pofika mawa malume ali pano.”

A Nanyoni anayang'ana kudenga. Misozi inatsikira m'makutu.

“Si langa pepalalo, mwanawe. Si la malume akonso. Ndingapereke bwanji chinthu cha eni ake?”

“Eni ake ati, amayi? Ali kuti eni akewo? Pano pali ine ndi inu!”

A Nanyoni anangofunsanso ngati kumtunda kwagwa mvula yambiri. Ine ndinatuluka panja, chifukwa ndikanakhala ndikanamukalipira munthu wodwala.

A Tadeyo anabwera, pepala lisanachoke. Atamva kuti mlongo wawo wasiya kudya, sanafunsenso za khoma. Koma mvula inali itaononga msewu, matola sankakwera, ndipo anatsika mapiri onse aja wapansi. Anafika dzuwa litapendeka, matope mpaka m'maondo, nsapato zili m'manja. Anakumana ndi kulira kwathu pa geti la chipatala. A Nanyoni anali atatisiya m'mawa wa tsiku lomwelo.

Udindo wawo anauchita wonse. Anayendetsa maliro, anapeza thirakitala yokweza thupi kumudzi, analoza okha pokumba, pafupi ndi bambo awo. Itafika nthawi yoti mwinimbumba alankhule, anaimirira n'kuyang'ana kumapiri nthawi yaitali mpaka anthu anayamba kusuntha. Anangoti, “Anandilera ndi iwowa,” n'kukhala pansi. A Layisoni analipo, anaima kumbuyo kwenikweni, ndipo tsiku limenelo sanalankhule ndi munthu.

Tonse tinkayembekeza kuti pogawa katundu a Tadeyo ayambira pakhoma, popeza tsopano mphamvu zonse zinali zawo. Sanalikhudze. Tionetsane inatulukanso kangapo, yong'ambikang'ambika, chifukwa palibe amene ankatha kutayipa sitensulo, ndiponso palibe amene anali ndi mtima wokhazika mnzake pa mpando uja. Komiti inayamba kukangana, makina anakatsekeredwa m'chipinda cha kutchalitchi. Kenako mwini nyumba ya sitoloyo anafuna kuika munthu wina wa lendi, ndipo anatuma waganyu kuti apake laimu. Waganyuyo anakanganula mapepala onse ndi khasu m'mawa umodzi, n'kuwatentha kuseri. Pepala limene mayi anakana kulichotsa ali pa bedi la imfa linachotsedwa ndi munthu amene sankadziwa n'komwe kuti likunena chiyani. Ndikaganiza zimenezi ndimafuna kuponya sizasi. Sindikudziwa amene analakwa pakati pa awiriwa. Tsiku lina ndimadzuka ndili kumbali ya mlongo, lina kumbali ya mayi, ndipo masiku ambiri ndimangofuna nditawagwira onse awiri n'kuwagundanitsa mitu.

Wa lendi uja sanabwere. Sitolo ndi yotseka, loko wachita dzimbiri, ndipo khoma ndi loyera mbee, lopanda kanthu kupatula timabowo ta misomali timene laimu sanatseke. Mbuzi zimagona pa sitepe masana. Koma tsiku la msika pakhondepo pamakhala munthu. A Tadeyo amatsika ndi matola oyamba, alibe chogulitsa, alibe chogula, n'kukhala pansi chotsamira khomalo. Madalaivala a kumtunda akamaitanira, amangokweza dzanja kuti pitani, ndikwera ina. Amakhala choncho mpaka msika utatha.

Msika wapitawu alimi awiri anaima pomwepo kubisala dzuwa, akukambirana za kukolola. Mmodzi anati chaka chino sapunthanso ndi ndodo, akabwereka layisoni kwa mlamu wake. A Tadeyo anatembenuka msanga, osati kuyang'ana mlimiyo, koma chitseko chotseka chija. Anachiyang'ana akudikira. Ine ndinaimitsa makina, ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze dzinalo, koma ndinatsekanso. Sanali mawu anga amene ankadikira.